Mlongo Wanga Sankalandira Moni Wadzulo

Mlongo wanga anamwalira nyengo ya dzuwa, ndipo anandisiyira laputopu imodzi ndi mawu awiri. Laputopuyo ndinaibisa mu kabati ya ku shopu kwanga, pansi pa nsalu za makasitomala. Mawuwo ndinawabisa m'mutu. Ine ndine telala, sukulu ndinalekezera panjira, ndiye musayembekezere kuti ndifotokoza ngati aphunzitsi. Ndingonena mmene ndinamudziwira, poti ndine ndinamubereka kumsana amayi akapita kuntchito.

Kwathu tinkamutchula kuti Mwatsimikiza. Dzinalo analipeza asanayambe n'komwe sukulu. Amayi akati madzi osamba afunda, iye ankafunsa kuti, "Mwatsimikiza?" n'kuviikamo kachala. Akamutuma machesi, ankatsegula bokosi pamaso pa wogulitsa n'kuyatsa kamtengo kamodzi kuti aone ngati sanalowe madzi. Tsiku lina bambo anabwera kuulendo atameta ndevu zonse. Mwanayo anakana kuwatsegulira chitseko mpaka atatchula dzina la galu wathu. Bambo anatchula, anaseka, analowa, kenako anamukwapula. Iye akulira anati, "Koma mukanakhala kuti si inuyo?"

Sukulu inamukonda. Ine ndili pa makina osokera, iye anapitirira mpaka anapeza ntchito ya makompyuta. Ankakhala yekha m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya misomali ndi penti. M'chipindamo munali makompyuta atatu, mawaya ali pansi ngati mizu, ndi fani yakale imene inkalira kuti kha, kha, kha ikamatembenuka. Pa kadiso ka kamera ka kompyuta iliyonse anamatapo pulasitala. Mkazi sanakwatire. Analipo mmodzi, wabwinobwino, koma anatopa. Mkaziyo anandiuza yekha kuti, "Achemwali, ndamulembera kuti ndakusowa, iye akundiimbira kufunsa ngati ndalemba ndine. Ine sindingathe."

Kwa zaka zambiri sindinkadziwa chimene amagwira. Anthu akandifunsa ndinkangoti amakonza makompyuta. Tsiku lina anabweretsa thalauza kuti ndimupindire miyendo. Nditamaliza, anayamba kukoka msoko ndi manja awiri ngati akufuna kuung'amba.

"Iwe, ukundinyoza?" ndinamufunsa.

"Ayi, achemwali, ndili pantchito. Ntchito yanga ndi imeneyi, kukoka misoko ya anthu."

Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kundifotokozera. Anati foni yanga ikafuna kulankhula ndi kompyuta yakutali, sizingoyamba nkhani. Zimayamba zapatsana moni, kudziwana, n'kugwirizana chinsinsi choti wina wapanjira asamve zimene zikukambirana. Kale moniwo unali wautali, anthu n'kumadandaula kuti zinthu zikuchedwa. Ndiye akatswiri anapanga njira yatsopano, yachangu. Ngati ziwirizo zinakumanapo kale, foni imangoonetsa chizindikiro cha ulendo watha, n'kuyamba kunena chimene yabwerera.

"Ndiye vuto lili pati? Inenso kasitomala wakale sindimuyezanso."

"Nanga atanenepa?"

Ndinaseka. Iye sanaseke.

"Vuto ndi ili," anatero. "Wina akhoza kukhala panjira, n'kujambula uthengawo. Sakuumva, n'ngotsekedwa. Koma akhoza kuutumizanso mawa, ndi mkuja. Makina ochenjera amadziwa kuti awa ndi mawu adzulo, amakana. Makina opusa amalandira ngati atsopano, n'kuchita zomwezo kachiwiri."

Ndinafunsa ngati akatswiriwo sanaganizire zimenezo. Anati anaganizira, malamulo a njirayo analembedwa bwino kwambiri. Koma malamulo ali ngati patani. Patani ikhoza kukhala yabwino, koma osoka ndi ambiri, aliyense ndi dzanja lake. Wina wathamanga, walumpha pamene amayenera kubwereza ulusi. Diresi likuoneka bwino pa hang'ala, koma mwini wake akangowerama, phwe. Ntchito yake inali kutumizira mapulogalamu amenewo moni wolakwika, tsiku lonse. Moni watheka, moni woyambira kumapeto, moni umodzi kawiri, moni wautali wosatha. Akaona pamene pasomphoka, ankauza eni ake mwakachetechete kuti asoke anthu oipa asanadziwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kunena kuti amakonza makompyuta. Ndinkati ndi telala mnzanga, kungoti iye amang'amba.

Koma ntchitoyo sankaisiya kuntchito. Anaibweretsa m'banja mwathu. Anakhazikitsa lamulo loti akafuna kutuma munthu kwa ine kudzatenga kanthu, ayambe wandiimbira, ineyo ndisankhe mawu a tsiku limenelo, ndipo wotumidwayo abwere nawo. Mawu amodzi sankagwira ntchito kawiri. Amuna anga, amene ndi dalaivala wa lole, ankadana nazo.

"Alamu, kodi pano ndi pa geti la asilikali? Munthu kudzatenga ambulera mpaka chinsinsi?"

"Alamu, inu mukamatsitsa katundu mumalandira siginecha ya chaka chatha?"

"Awa adzafa yekhayekha awa," amuna anga ankatero iye akachoka. Mawu amenewo amawakumbukira mpaka lero, ndipo sindiwakumbutsa.

Chaka chatha anaiwala laputopu yake ku shopu kwanga. Anandiimbira kuti atuma mnzake wakuntchito. Ndinayang'ana patebulo, ndinaona batani lobiriwira, ndinati mawu ake akhale amenewo. Anatumizanso uthenga wa mawu kwa ine ndi kwa mnzakeyo. Mnzakeyo anabwera, bambo wovala suti ngakhale kunja kukutentha, waulemu kwambiri, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Anati "batani lobiriwira" akuseka, ndinamupatsa, nkhani inathera pomwepo. Ine ndinangomupatsa dzina loti Wasuti.

Chimene chimandipweteka n'chakuti munthu amene ankayesa chilichonse sanadziyese yekha. Miyendo inayamba kutupa, iye ati ndi kukhala pansi nthawi yaitali. Pofika kuchipatala, impso zinali zitatha ntchito. Kumenekonso anavutitsa manesi, kufuna kuwerenga botolo lililonse asanamubaye. Nesi wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati kwathu tonse tili choncho.

Masana ena, kutatsala masiku atatu kuti atisiye, ndinamupititsira tiyi. Mawu ake anali atachepa ngati a nkhalamba, ndinkachita kuyandikitsa khutu. Anatulutsa laputopu pansi pa pilo n'kuiika pamiyendo panga.

"Achemwali, muno muli msoko wosomphoka. Pulogalamu yake amagwiritsa ntchito anthu ambiri, mwina ndi foni yanu yomwe. Oyenera kusoka ndawauza kuti ulipo, koma umboni wonse uli muno. Usanasokedwe, munthu woipa akaupeza, avulaza anthu osalakwa. Musampatse aliyense. Sankhani mawu."

"Iwe, siya zimenezo, uchira ukapereke wekha."

"Mwatsimikiza?"

M'kapu munali supuni yopindika, ya kuchipatala komweko. Ndinamunong'oneza kuti, "Supuni yopindika." Analemba pafoni pang'onopang'ono n'kutumiza kwa munthu mmodzi. Ndinafunsa kuti ndani, kuti ndimudziwe nkhope. Anati, "Musadikire nkhope, akhoza kudwala n'kutuma wina. Dikirani mawu. Atsopano, achemwali, osati adzulo."

Patatha masiku anayi titaika maliro, Wasuti anafika ku shopu cha m'ma teni koloko. Amuna anga analipo, anali pa tchuthi cha maliro, atakhala pakhomo kuwerenga nyuzipepala. Anamulandira ndi manja awiri, chifukwa Wasutiyo anali pamaliro, ndipo anagwira nawo bokosi. Anapepesa bwinobwino, anakhala pansi, anakamba za ubwino wa malemu. Kenako anati kuntchito akufuna laputopu, ndipo malemu anamusiyira uthenga. Anatulutsa foni n'kudina.

"Achemwali, ndine. Mnzanga akubwerayo mumpatse laputopu, ndamutuma ndine. Musamuvutitse."

Mawu a mlongo wanga, m'shopu mwanga, iye ali m'manda. Ndinalira mpaka tepi yoyezera imene inali m'khosi inanyowa. Wasuti anadikira ndithu, kenako anati motsitsa mawu, "Ndikudziwa mwambo wake, mayi. Batani lobiriwira."

Ndinaimirira. Ndikunena zoona, dzanja langa linafika pa chitseko cha kabati. Munthu ukamva mawu a wakufa wako umangofuna kuchita chimene wanena. Koma ndili chigwirire chitsekocho, khutu langa linali likadali pa uthenga uja. Mawuwo anali amphamvu, a munthu wodya bwino. Ndipo kumbuyo kwake kunkamveka kha, kha, kha.

"Anakutumizirani liti uthengawu, bambo?"

"Ali m'chipatala, masiku omaliza omwewa."

M'chipatala munalibe fani. Ndinkamukupizira ndekha ndi katoni.

Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa kansalu, ndinapukuta m'maso, ndinatseka.

"Pepani, laputopuyo sindikudziwa kumene ili. Katundu wake sitinayambe kulongosola."

Wasuti anamwetulira, koma maso ake anakhala pa kabatiyo nthawi yaitali. Anati abweranso.

Atangotuluka, amuna anga anandiyamba.

"Mayi a ana, mwatani? Munthu wanyamula bokosi la alamu, inu mukumunamiza masana dzuwa likuswa mtengo? Mawu a malemu mwawamva nokha. Chinsinsi chanu chija wanena."

"Wanena cha chaka chatha."

"Ndiye chinsinsi chimawola ngati tomato?"

"Cha iyeyu chimawola."

"Matenda okayikira anthuwa ndi a m'magazi, ndaona. Katundu ndi wa kuntchito, mudzatimangitsa. Kodi mukufuna apolisi abwere pano makasitomala akuona?"

Sindinawauze za supuni yopindika. Zaka makumi awiri tili limodzi, sindinawabisirepo kanthu, koma tsiku limenelo ndinatseka pakamwa. Amuna anga ndi munthu wabwino, koma akamwa botolo limodzi amasanduka wailesi.

Masiku otsatira anali oipa. Mwini nyumba imene mlongo wanga ankakhala anandiimbira kuti kunabwera munthu wovala suti wofuna kiyi, akuti ndi msuweni wathu. Ife tilibe msuweni wovala suti. Sanamupatse, koma nditapita kukaona ndinapeza loko ali ndi zokandika zatsopano. Mwina zinalipo kale, sindikudziwa. Wasuti anabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera ndi kalata yokhala ndi chidindo. Ine kuwerenga Chingerezi sinditha, ndipo chidindo amasema pafupi ndi msika, ndimadutsapo tsiku lililonse. Ulendo wachitatu sanalowe m'shopu, ndinangomuona patsidya pa msewu akucheza ndi amuna anga, akuwagwira paphewa.

Laputopu ndinaichotsa mu kabati. Ndinkayenda nayo m'thumba la zidutswa za nsalu, m'mawa kupita nayo, madzulo kubwera nayo, ngati khanda. Aliyense ndinayamba kumukayikira. Mayi wina anabwera kudzasoketsa makatani, anangoyang'ana kabati, ine mtima phaa. Mnzanga wa saluni yoyandikana nane anandifunsa kuti thumbalo likulemera bwanji, ndinasiya kumupatsa moni masiku awiri. Kunyumba amuna anga akandifunsa kuti lero kwabwera ndani, ndinkaganiza kuti atumidwa. Tinkadya osayang'anana. Ndinayamba kumvetsa chifukwa chimene mlongo wanga ankakhalira yekha. Kukayika kumalemera, ndipo iye anakusenza moyo wake wonse ife tikumuseka.

Kenako ndinakumbukira foni yanga yakale, ya galasi losweka, imene ndinaiponya m'dirowa la mabatani. Ndinabwereka chaja ku saluni, n'kupepesa komweko. Itayaka ndinafufuza mauthenga ake mmodzimmodzi mpaka chaka chatha. Lamlungu masana, titakhala pabalaza, ndinaiika patebulo pamaso pa amuna anga n'kudina.

"Achemwali, ndine. Mnzanga akubwerayo mumpatse laputopu, ndamutuma ndine. Musamuvutitse." Kha, kha, kha.

"Onani deti," ndinatero.

Anaona. Anamvetseranso kachiwiri. Anakanda m'mutu.

"Mwina anangosokoneza mauthenga," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Anati anamutumizira ali m'chipatala. Munalipo."

Kenako anati, "Bambo uja anandifunsa ngati laputopuyo mumagona nayo kuchipinda kapena mumaisiya ku shopu."

"Munayankha chiyani?"

"Ndinati sindikudziwa. Ndipo sindikudziwadi, poti masiku ano ndine mlendo m'nyumba mwanga."

Kuyambira mawa lake ankandiperekeza ku shopu, thumba atanyamula iwo.

Panatha sabata zitatu. Ndinayamba kuopa kuti mwina uthenga wa mlongo wanga sunafike, kapena zala zake zinalakwitsa nambala, ndipo msoko uja ukhala chisomphokere ine nditaukumbatira. Ndinaopanso kuti mwina Wasuti ndi amene anatumidwadi, ine ndi umbuli wanga ndikuwononga ntchito yomaliza ya mlongo wanga.

Lachitatu lina kunabwera mayi wa imvi, wovala nsapato zafulati, atanyamula siketi yothothoka zipi. Anakhala pa mpando n'kumalola makasitomala ena kumudutsa. Titatsala awiri, anati, "Ndinali kunja kwa dziko, pepani ndachedwa. Mlongo wanu ankagwira ntchito pansi panga. Anandilembera kuti m'chipatala munali supuni yopindika."

Sindinasunthe. Ndinaganiza za bambo amene anagona bedi loyandikana, ngati anali m'tulodi tsiku lija. Ndinaganiza za nesi. Ndinaganiza za foni ya malemu, imene inadutsa m'manja mwa anthu angapo isanandifike.

"Ndakumvani," ndinatero. "Zipiyi mukufuna yakuda?"

Mayiyo sanakwiye. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Musafulumire kutulutsa kanthu. Inenso sindikukudziwani. Mumsewu uno muli matelala anayi, ndipo sindingalandire chinthu chotere kwa munthu amene sindinamutsimikize, mwina wasinthamo zina. Mlongo wanu anati ndikufunseni funso. Ali mwana, anakana kutsegulira ndani chitseko, ndipo anafuna amve chiyani?"

Apo m'pamene ndinakhala pansi. Wasuti anabwera katatu, sanandikayikirepo ngakhale kamodzi, ankangofuna katundu. Uyu anabwera akundikayikira ineyo, mlongo wake weniweni. Munthu wotumidwa ndi Mwatsimikiza sakanabwera mwanjira ina.

Ndinamuuza za bambo, za ndevu, ndi dzina la galu. Anayang'ana pafoni yake, anagwedeza mutu, kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Zaka zisanu ndi zitatu," anatero, "ndikamuimbira ankandifunsa kuti dzulo tinasiyana tikukamba chiyani. Ine bwana wake."

Tinaseka tonse, misozi ili mbwee. Ndinatulutsa laputopu m'thumba, ulusi utamatirira paliponse, ndinaipukuta ndi chitenje changa n'kumupatsa.

Ndinamufunsa za Wasuti. Nkhope yake inasintha. Anati sanamutume, ndipo bamboyo anasiya ntchito kwawo miyezi iwiri mlongo wanga asanadwale.

"Ndiye ndi wakuba?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina ankafuna dzina lake likhale pa ntchito ya mlongo wanu. Mwina ankafuna zoposa apo. Sindinganene chimene sindinatsimikize."

Wasuti sanabwerenso. Mpaka lero sindidziwa ngati ankagwira bokosi lija ndi chisoni kapena ankaganiza za laputopu. Mwina zonse ziwiri, anthu ndife ovuta.

Patatha mwezi ndi theka, mayi wa imvi uja anabwera kudzatenga siketi yake. Anandiuza kuti msoko uja wasokedwa, ndipo pa chikalata cholengeza analembapo dzina la mlongo wanga kuti ndi amene anaupeza. Anandionetsa pafoni. Mwa mawu onse a Chingerezi aja, ndinawerenga dzinalo lokha, ndipo linali lolembedwa bwino, chilembo chilichonse. Atalandira siketi anaitembenuza n'kukoka zipi ndi manja awiri. Sindinadandaule.

Foni yosweka ija sindinaibwezere m'dirowa. Masana ena makasitomala akachepa ndimaiyatsa n'kumvetsera. Ndikudziwa kuti ndi mawu a chaka chatha, ndipo iye akanandiona akanati achemwali mukuchita zimene ndinakuletsani. Koma kabati ilibe kanthu tsopano, palibe chimene angatsegule. Amati musamuvutitse, fani n'kulira katatu, uthenga n'kutha. Amuna anga akandipeza ndikumvetsera amaima pakhomo, salowa mpaka uthe.